Chingwe Chachikasu Chimene Munabwera Nacho ku Japan

Flint, Michigan
3 Febuluwale 1986

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Magalimoto ya Harlan-Pruitt,
Chipinda cha pamwamba penipeni.

Wolemekezeka Bwana,

Khalani pansi bwino, chifukwa wokulemberaniyu si munthu wamba. Ndine Cleophus Tibbs, katswiri womanga zitseko zakumanzere, zaka makumi atatu ndi zitatu pa lamba woyenda amene timamangirapo magalimoto m'fakitale yanu. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, aphunzitsi ataona kuti zondiphunzitsa zawathera. Pakadapanda ine, theka la Amereka likadamalowa m'galimoto kudzera pawindo.

Ndalemba kuti ndithokoze. Mwandiimitsa ntchito, ndipo Lachinayi mudzagamula ngati nditsale kapena ndichotsedwe, kutatsala miyezi isanu ndi inayi kuti ndipume ndi penshoni yanga. Ulemu woterewu sugwera aliyense.

Choyamba, zikomo povutika kupita ku Japan kukaona chifukwa chimene Mjapani amamangira magalimoto awiri pamene ife tikulimbana ndi imodzi. Munakhalako masabata awiri, n'kutibweretsera mayunifolomu otuwa ndi kudumphadumpha kwa m'mawa. Mawondo anga akupereka moni. Ndamva kuti kumeneko bwana amadya tebulo limodzi ndi antchito, ndipo malonda akavuta amayamba wadula malipiro ake asanachotse munthu. Zimenezo ziyenera kuti sizinakwane m'sutikesi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chingwe chachikasu. Munachipachika pamwamba pa lamba, munaima pambali pake, atolankhani n'kukujambulani. Munanena ndi pakamwa panu kuti ku Japan wantchito aliyense akaona cholakwika amakoka chingwe, lamba n'kuima, ndipo nafenso tizitero. Ine, mbuli, ndinakhulupirira. Lachiwiri lapitali zinabwera zitseko zokhota, zosatsekeka. Kale ndikadazibwanyula ndi nyundo ya labala, n'kuzisiya zipite kuti akalire nazo wogula. Koma ndinakweza mkono. Lamba anaima mphindi zinayi. A Hatcher, kapitawo wathu, anabwera akuthamanga, khosi lili psuu, ngati ndawakokera akazi awo. Anandifotokozera mwachikondi kuti chingwecho n'cha alendo. Pepani Bwana, sindinadziwe kuti ife tinagula chingwe chongoyang'ana. Mwina chokoka n'chodula.

Chachitatu, zikomo potiphunzitsa kuti mdani wathu ndi Mjapani. Ndi iye amene anatseka mashopu a mu msewu wa Saginaw, ndi iye amene anapirikitsira mwana wanga Delphine ku Texas kukasaka ntchito, komanso ndi iye amene anakhotetsa zitseko zija ali kutsidya kwa nyanja. Pa phwando la bungwe la antchito tinabweretsa kagalimoto kake pabwalo, amuna makumi anayi n'kukasinja ndi nyundo zikuluzikulu. Ine ndinaswa nyali zonse ziwiri. Titatopa, wina anapotokola kiyi, kagalimoto kaja n'kulira bwinobwino, kupita kwawo. Galimoto yanga, imene ndinamanga ndi manja angawa, imafuna pemphero ndi anthu atatu okankha chisanu chikangogwa.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ndaona kuti kuno wotsina khutu amamudula zala.

Pempho langa n'laling'ono, Bwana. Magalimoto a Lachiwiri lija akadali pabwalo kuseri kwa fakitale, ndipo a Hatcher anasainira kuti ali bwino. Lachinayi musabwere pa galimoto yanu yakuda ija. Tengani imodzi mwa amenewa, muyendetse nokha, mutatsamira chitseko chakumanzere, chimene kuno ndi cha woyendetsa, mudutse msewu waukulu mwaliwiro ndithu. Mukafika muli m'kati, ndichotseni, sindidzatsutsa. Mukafika muli panja, kokani chingwe. Ine ndidzaima.

Wanu wogwada, ngakhale mawondo akukana,

Cleophus Tibbs
Wa zitseko zakumanzere

Ndisanamate envulopu: mkazi wanga Odessa wawerenga, ndipo akuti mdikoni wa mpingo ngati ine sanama m'kalata. Chabwino. Zoti kagalimoto kaja kanalira ndapeka. Kiyi tinali naye, koma palibe analimba mtima kumupotokola. Tinaopa kuti kalira.