Apongozi Sakutuluka m'Kompyuta

Lolemba

Makompyuta atatu afika mu ofesi ya bungwe lathu la alimi a fodya kuno kwa Wimbe. Onse pa netiweki imodzi, pulinta imodzi, magetsi a sola. Wothandiza anthu ndine, poti ndinagwirapo kompyuta nthawi ija ndinkagulitsa m'shopu ku Mtunthama.

Mayi Jere a ku pulojekiti, amene abweretsa makinawa, abweranso Loweruka. Akadzapeza kuti aliyense akulowa ndi dzina lake, wothandiza apita ku maphunziro ku Lilongwe, setifiketi pamwamba. Ndisaname, ulendo umenewu ndikuufuna. Chikwama changa chabwino chija ndachipukuta kale fumbi.

Malamulo anga, ndamata pakhoma:
1. Lowani ndi dzina lanu.
2. Pasiwedi ndi chinsinsi, musauze munthu.
3. Mukamaliza tulukani, kapena mutulutse amene waiwala, kuti mulowe inu.

Chovuta palibe apa.

Masana mwambo wotsegulira. Otsegulira ndi tcheyamani wathu a Nkhoma, amenenso ndi apongozi anga. Nyumba imene ndimagonamo ili pamalo pawo. Ndikuwakokera mpando, ndikuwalozera mabatani chapatali. Pasiwedi asankha dzina la ng'ombe yawo yapangolo, Bulaki, ndipo akulitchula mokweza, chala chimodzi chikusakasaka zilembo. Ndikunong'ona kuti chimenecho ndi chinsinsi. Iwo: "Chinsinsi chanji, akamwini? Ng'ombeyo mudzi wonse ukuidziwa."

Alowa pa kompyuta yoyamba, anthu m'manja. Yachiwiri, m'manja. Yachitatu, nthungululu. Kenako anyamuka, ulendo kuchigafa kukasankha fodya wawo. Sanatuluke ngakhale pa imodzi.

Lachiwiri

Woyamba kubwera ndi mayi Nabanda, oyimbitsa kwaya. Akufuna kulemba nyimbo. Pa sikirini pali dzina la a Nkhoma. Ndikuwauza kuti adine apa, awatulutse, alowe iwo. Manja abweza pachifuwa. "Ine? Kutulutsa a tcheyamani eni ake kulibe? Ndinaleredwa ine, achimwene." Akhala pampando cham'mphepete, ati "Odi," ayamba kulemba pansi pa dzina la a Nkhoma.

A Kamanga, membala wina, akuti: "Mkamwini ndinu, atulutseni ndinu." Ndatambasula dzanja. Maso onse pa ine. Dzanja lija langopita kukakanda khutu.

Mafunso ena a lero:
- Kompyuta yafa. Sinafe, yagona. Gwedezani mausi.
- Kamuvi kakupita kumanja ine ndikufuna kumanzere. Mausi mwaizondotsa.
- Zilembo zonse zatupa. Chigongono cha a Kamanga chatsamira batani.
- Mabatani akumata. Manja a fodya! Ndaika beseni ndi sopo pakhomo.

Anthu asamba m'manja bwinobwino ngati kuli chakudya. Mayina awo amene ndinawakonzera, palibe limene lakhudzidwa.

Lachitatu

Pulinta yalavula mulu wa mapepala, nyimbo imodzimodzi. Wina anadina, sizinatuluke msanga, anadinanso, anadinanso. Ndikufufuza kuti ndani. Kompyuta ikuti a Nkhoma.

M'foda ya anthu onse wina wachitamo ntchito yosankha, ngati ali pachigafa. Mafayilo aatali mbali iyi, aafupi mbali iyo, osaoneka bwino kudzala. Nyimbo za kwaya zapita ndi osaoneka bwino. Mayi Nabanda misozi ili pafupi. Ndazitola m'bini, zonse zilipo. Wataya ndani? Kompyuta ikuti a Nkhoma.

A Nkhoma ali pa jeke chiyambire Lolemba, akudinda mabelo.

Ndikufotokozanso, mofatsa, kuti kutulutsa munthu m'kompyuta sikumupweteka, zinthu zake zimatsala momwemo. Onse akugwedeza mitu kuvomera. A Kamanga: "Tamva, aphunzitsi. Koma ayambe wina."

Njira yatsala imodzi: eni ake abwere adzatuluke okha. Mkamwini sangakanene zimenezo pamaso. Ndapempha mkazi wanga kuti akapereke uthenga.

Lachinayi

Nzeru yandibwerera m'mawa ndikutsuka m'kamwa. Ndalawirira ku ofesi, ndazimitsa makina onse. Kuzimitsa si kutulutsa munthu, ndi vuto la magetsi, limagwera aliyense. Ndayatsanso. Sikirini ikuonetsa dzina la amene analowa komaliza, a Nkhoma, ndi kabokosi ka pasiwedi. Pakona pali poti munthu wina alowere. Ndamatapo kapepala kolozera, ndadikira ngati sindikudziwa kanthu.

A Kamanga afika, ayang'ana. "Aa, a tcheyamani atsekeredwa panja." Alemba Bulaki. Mayi Nabanda awatsegulira pa yachiwiri. Yachitatu onse akuyang'ana ine, ati ulemu umenewu ndi wa mkamwini.

Ndalemba Bulaki ndi zala zangazi.

Koma kuphunzira akuphunzira, pamenepo ndisawanamizire. Mayi Nabanda akusunga fayilo okha. A Kamanga atulutsa mapepala omata pa mabelo, owongoka bwino, adina kamodzi kokha. Mtima wanga ukusangalala mbali imodzi, mbali inayo ukuwawa. Loweruka ndi mkuja.

Lachisanu

Uthenga wanga wafika. Wayenda chonchi: ine kwa mkazi wanga, iye kwa mayi ake, mayi ake kwa a Nkhoma, pachigafa, osankha fodya onse makutu ali tcheru. Wabwerera chonchi: mkamwini akufuna kuchotsa a tcheyamani pampando, wayambira m'makina.

Zotsatira zake:
- Pamjigo nkhani ndi ine.
- Madzi osamba ndapatsidwa ozizira, opanda mawu.
- Lamulo lachitatu pakhoma wina walibisa ndi kalendala ya feteleza.

Ndapita ndekha kuchigafa. Ndanjuta chapatali, chipewa m'manja. Ndafotokoza za netiweki, za mayina, za mayi Jere. Apongozi akumvetsera uku akusalaza tsamba pabondo. Ndatha, iwo ati: "Ngati ndikukupanikizani m'makinamo, akamwini, nenani."

Ine: "Ayi bambo, khalani ndithu."

Pakamwa panga pomwe! Ndabwerako ndikudzitukwana njira yonse.

Loweruka

Mayi Jere afika. Makina onse ali ndi anthu, ena akudikira pabenchi, manja osamba. Pulinta ikulira. Mayi Jere akumwetulira, ine Lilongwe ndikumuona uyo.

Akhala pansi kuti aone amene akhala akulowa sabata yonse. Kumwetulira kwatha. Dzina limodzi. Nyimbo, makalata, mapepala a mabelo, zonse a Nkhoma, m'mawa mpaka madzulo, makina atatu nthawi imodzi.

Ndikutsegula pakamwa kuti ndifotokoze, apongozi ndi awa pakhomo, jekete la kutchalitchi. Anthu aimirira.

Mayi Jere akufunsa ngati zonsezi ndi za a Nkhoma. Mayi Nabanda, mokondwa: "Eya, ife tonse timalowera mwa iwo." A Kamanga awonjezera kuti chitsegulireni Lolemba a tcheyamani sanachokepo.

Mayi Jere atembenukira kwa ine: "Nanga inu othandiza, dzina lanu lili pati?" Palibe. Sabata yonse nanenso ndakhala mlendo wa apongozi.

Kuti ndidzipulumutse ndiyenera kunena, anthu onsewa akumva, kuti apongozi anga sadziwa ngakhale poyatsira. Ndayang'ana jekete lija. Ndayang'ana pansi.

Chigamulo: mayina ambiri sanaoneke, choncho wothandiza sapita. Koma malo a bungwe lathu sangapite pachabe. Apite amene waonetsa khama, a Nkhoma. M'manja, nthungululu. Nanenso ndaomba, nanga ndikanatani.

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza za ulendo wa a Nkhoma, awapempherera kuti akayende bwino ndi nzeru zawo za makina. Kwaya yayimba ndi mapepala aja inalavula pulinta, aliyense lakelake, ena awiri. Mayi Nabanda andigwedezera mutu.

Kunyumba mtendere wabwerera. Madzi ofunda. Mkazi wanga akuti ndine mkamwini waulemu, mayi ake anena okha. Chikwama changa chabwino chija chapita kwa apongozi, ati ku Lilongwe sangapite ndi thumba la feteleza.

Uthenga wawo wabwera, ulendo uno wosapotoka: ndiwalembere kalata yovomera ulendowo, Bulaki ndizimumwetsa madzi, ndipo akachoka ndisawatulutse.

Zikundiwawa, ndisabise. Koma ndadutsa ku ofesi masana kukalemba kalatayo. Mulibe munthu. Ndagwedeza mausi, dzina lawo ilo pa sikirini. Potulutsira ndi apo, pakona, kudina kamodzi basi. Ndacheukira kukhomo, ndasuzumira pawindo. Kulibe ngakhale mbuzi.

Ndati odi, ndayamba kulemba.