Uchi wa a Mpinganjira

Mwambi uja wa safunsa chiyambi chake n'chotere, adzukulu inu. Ndikudziwa wina anena kuti mwambiwu ndi wakale kuposa foni, koma wokamba lero ndine, ndiye khalani chete.

Ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango, kunali mlimi wa njuchi dzina lake a Mpinganjira. Anali munthu wakhama, ming'oma yawo inkadzadza uchi chaka ndi chaka. Chilema chawo chinali chimodzi: kufunsa ankakuyesa manyazi. Akasochera mu Lilongwe ankalolera kuzungulira mpaka mapazi kutupa kusiyana n'kuimitsa munthu. Anthu anawapatsa dzina loti a Safunsa, ndipo eni ake ankaliyankha monyadira.

Chaka china uchi unachita bwino. Anafinya wonse, kugulitsa, ndalama n'kukasunga kubanki. Zinali za malata, chifukwa denga lawo laudzu linkadontha moti mkazi wawo, Nankhoma, ankagona ndi beseni pambali.

Mvula ili pafupi, foni ya bambowo inalira. Unali uthenga: "Okondedwa kasitomala, akaunti yanu itsekedwa lero. Titumizireni nambala yanu yachinsinsi msanga kuti tiikonze."

A Mpinganjira anawerenga, n'kumwetulira.

"Nankhoma, tabwera uone. Abanki akundifunsa ine."

"Akufunsa chiyani?"

"Nambala yachinsinsi. Zikuoneka kuti kwawoko aiwala."

"Bambo, paja tsiku lotsegula akaunti mayi wa kubanki uja anati nambalayi musauze munthu, ngakhale wa kubanki komweko. Bwanji muimbe pa nambala ili kuseri kwa khadi, mufunse kaye?"

"Ndifunse? Ine? Anthu a mataye asowa chochita, athamangira kwa ine, ndiye ine ndibwerere kwa iwo ndi funso? Ine sindifunsa, mayi, ndimafunsidwa."

Anatumiza nambalayo. Poona kuti anzawowo avutika, anawonjezanso nambala ya khadi, yomwe sanapemphedwe n'komwe. Yankho linabwera loti "Zikomo bwana," ndipo mawu oti bwanawo anawakomera tsiku lonse.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita kuboma kukatapa ndalama za malata. Mayi wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta, n'kuwayang'ana iwo mwachisoni.

"Bambo, ndalama zonse zinatuluka dzulo. Nambala yanu munapatsa ndani?"

"Ndinapatsa inuyo."

"Ife sitifunsa nambala yachinsinsi, kaya pa uthenga, kaya pa imelo. Amenewo ndi akuba. Mukadangotiimbira, tikadakuuzani."

Mayiyo anatseka khadilo, kuwapatsa lina, n'kulemba dandaulo. Koma malata anali atapita. Kunena zoona ndinawamvera chisoni, pakuti mbola zonse za chaka chija anazipirira pachabe.

Anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, njala itawapotokola. Nankhoma anamva nkhaniyo osanena kuti "ndinakuuzani". Anangopita kukatenga beseni lake lija n'kulitsuka bwinobwino.

Pakhonde panali chidebe chovundikira. Bambowo anavundukula, anaona zachikasu, mtima n'kutsikako pang'ono: kani mkazi wanga anasungako zisa za uchi. Anatapa chibulumwa chachikulu n'kuponya m'kamwa. Anatafuna, anatafuna, kutsekemera osabwera. Kuti ameze, chosamezeka. Kuti alavule, mkazi akuyang'ana, ndiponso anzawo awiri a bawo anali atangofika kumene.

"Bambo, mukudya chiyani?" anatero Nankhoma.

"Uchi," anayankha mano atamatana.

"Uchi munagulitsa wonse. Limenelo ndi phula, ndasungira mayi wopanga makandulo. Mukadafunsa, mbatata yanu ili m'mbale m'nyumbamu."

Anzawo a bawo anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika.

Njuchi sizisunga mangawa. Chaka chotsatira ming'oma inadzadzanso, malata anagulidwa, beseni linabwerera kukhitchini. A Mpinganjira anasanduka katswiri wa mafunso. Foni ikangolira ankaitana mkazi wawo, kenako kuimbira kubanki, ngakhale uthengawo utakhala wa msonkhano wa kutchalitchi.

Koma dzina likakumata silichoka. Mpaka lero, wina akafuna kuchita chinthu mwaliuma, anthu amamukumbutsa za bambo aja ndi chibulumwa chawo m'kamwa, amvekere: safunsa adadya phula.