Kukaona Nyanja Yamchere ndi Kwaya Yathu

Lolemba

Tanyamuka. Basi yatitengera pa tchalitchi pathu pa Domasi, nkhungu isanachoke kuphiri. Kwaya yathu ya amayi yaitanidwa ku Dar es Salaam kukaimba pa konsati ya makwaya Loweruka likubwerali, ndipo ine, mphunzitsi wa Sitandade 7 amene sindinadutsepo ngakhale chipata cha Mwanza, ndili m'gulumo.

Anzanga akupitira kuimba. Inenso ndikaimba, koma changa chenicheni ndi nyanja yamchere. Zaka zonsezi ndakhala ndikuijambula pabolodi, kuuza ana a eni kuti madzi ake samweka, kuti sitima zake zimaposa sukulu yathu kutalika, zonsezo zongowerenga m'buku. Kupuma pantchito kwayandikira. Ndikapanda kuiona ulendo uno, ndidzafa ndi ya choko yomweyo.

Zoti ndikaone:
nyanja;
sitima zapadoko;
nyumba zosanjikizana zija amati ukaziyang'ana pamwamba duku limagwa;
mlatho wodutsa pamwamba pa nyanja;
nyanja kachiwiri, ndili ndekha, popanda wondifulumizitsa.

Kudambo ndasiya mpunga ukucha. Amuna anga, bambo a Tadala, avomera kuingitsa mbalame sabata yonse, koma avomera ngati akumeza kwinini. Apongozi andipatsira botolo. Akuti madzi a kumeneko ndi mankhwala a miyendo.

A Likoswe, otiphunzitsa nyimbo, akhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Mayi Malunga, apampando athu, atenga pawindo. Ine ndili kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala, pakati pa ng'oma ndi thumba la ufa. Ufawo ndi wa mayi Malunga. Akuti sakhulupirira ufa wa kunja.

Tigona ku Mzuzu, pansi, m'holo ya mpingo. Palibe kanthu. Mlendo sathyola mphasa.

Lachiwiri

Potsika mapiri a Chiweta nyanja yathu yaonekera kumunsi. Mayi Malunga atembenuka.

"Aphunzitsi, si iyo nyanja mukuifunayo? Tsikani, mutidikirire pompano. Madzi ndi madzi."

Basi yonse kuseka. Inenso ndaseka, poti ndi apampando.

Pachipata cha Songwe ndiye pomwe tathera theka la tsiku, ndipo mlandu si wa aboma ayi, ndi wathu. Pasipoti ya Esinati, mtsikana woimba mawu apamwamba uja, akuti ili m'chikwama chomwe chili pansi pa zikwama zonse, pamwamba pa basi, m'kati mwa lona womangidwa ndi zingwe. Amasula. Atsitsa. Mulibe. Yapezeka m'bulauzi mwake, momwe anaibisa yekha dzulo kuopa akuba.

Podikirapo a Likoswe akuti tisataye nthawi, tiyeserere nyimbo. Ndiye taima padzuwa pakati pa malole, kuimba za Yordano, madalaivala akutiyang'ana uku akudya nthochi zootcha.

Tawoloka. Ndili kunja kwa Malawi. Ndimayembekeza kuti ndimva kanthu kena m'thupi, koma chomwe ndikumva ndi miyendo yotupa. Nsapato zakana. Ndavala patapata.

Lachitatu

Msewu umadutsa m'nkhalango ya nyama. Akuti kwaoneka nyamalikiti, mbidzi, ndi njovu ili ndi kamwana kake. Ndikuti akuti, chifukwa zonsezo zaonekera kumanja, ndipo kumanja kwanga kuli ng'oma. Pamene ndimaisuntha n'kuti njovu yatsala kumbuyo. Chomwe ndaona ndi nyani ali pamwala. Nyani ngati omwe amatithera chimanga kumunsi kwa phiri kwathu.

Dar es Salaam tailowa madzulo. Kapena ndinene kuti yatiimika pakhomo. Magalimoto ndondondo, osayenda. Kuno mzere wa magalimoto amautcha foleni, ndipo amautchula ngati dzina la m'bale wawo wovuta amene anamuzolowera. Kutentha kwake kwa ku Nsanje n'kwamasewera.

Mpingo womwe watilandira uli kunja kwa mzinda, mbali yomwe tachokerayi. Wotisamalira ndi Mama Neema, mayi wansangala, amadziwa Chingerezi pang'ono. Ndamufunsa kuti nyanja ili kuti. Waloza kum'mawa, kudutsa khoma, kudutsa thanki ya madzi, n'kugwedeza dzanja kangapo kusonyeza kuti ndi patali ndithu.

Ndaima panja kununkhiza mphepo. Ikununkha makala ndi dizilo.

Mawa.

Lachinayi

Lero ayi.

Dzulo titafika a Likoswe anamva kwaya ya eni kuno ikuyeserera, ya zing'wenyeng'wenye, malipenga ndi mavinidwe ake, ndipo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Adzuka ndi lamulo: tsiku lonse kuyeserera, palibe wotuluka pageti.

Ndawakumbutsa mwaulemu kuti pa pulogalamu, Lachinayi masana panalembedwa kuona malo.

"Amayi, tinabwera kudzaimba, osati kudzasamba."

Holo yake ndi ya malata, fani imodzi, nayonso yoyang'ana kwa a Likoswe. Nyimbo yomwe taimba kuyambira chaka chatha lero akuti tikuilakwitsa. Akuti ife a mawu achiwiri tikukoka ngati ng'ombe zapangolo. Tabwereza mpaka mawu anga ayamba kusasa. Esinati wakomoka pang'ono, amuthira madzi, wadzuka, tapitiriza.

Zomwe ndaona mu mzinda waukulu lero:
khoma la tchalitchi, mbali ya m'kati;
msana wa mayi Malunga;
mphaka wa Mama Neema.

Bambo a Tadala aimba foni. Moni sanapereke. "Mbalamezi zikudziwa kuti mwachoka. Zaitana ndi azibale awo a ku Chilwa." Kenako afunsa ngati nyanja ndaiona. Ndati netiweki ikuvuta.

Mayi Malunga alengeza kuti mawa ndi tsiku loona malo, lonse lathunthu. Ndachapa diresi langa labuluu. Botolo la apongozi ndalitsuka.

Lachisanu

Takwera basi tonse, titatchena. Isanatuluke pageti mayi Malunga aimirira.

"Amayi, kuti pasakhale madandaulo, tivote. Ofuna kuyamba kumsika?"

Manja onse m'mwamba. Ena manja awiri.

"Ofuna kuyamba kunyanja?"

Dzanja langa lokha. Esinati anayamba kukweza lake, atayang'anidwa wadzikanda nalo m'khosi.

"Ndiye tiyamba msika. Nyanja sithawa."

Foleni yatidya m'mawa wonse. Tafika kumsika waukulu dzuwa lili paliwombo. Amayi abalalika ngati nkhuku zotsegulidwa m'khola. Tsopano ndadziwa chomwe anthu amalimbira mtima kugona pansi ku Mzuzu: zitenje zokagulitsa. Poti ine sindikugula kanthu, akuti ndine woyenera kulondera katundu. Andikhazika pakhonde la sitolo ya mapoto. Aliyense akabwera amasiya mtolo pamapazi panga, "tangoonani kaye aphunzitsi," n'kubwereranso.

Nyumba zosanjikizana zilipodi. Ndaona kumunsi kwake. Kuti ndione pamwamba ndiyenera kutuluka pakhonde, ndipo ndikatuluka mitolo ya eni ipita. Duku langa silinagwe.

Mwini sitolo wandimvera chisoni, wandipatsa mpando ndi kapu ya tiyi wa zonunkhira. Ndamufunsa ndi manja kuti nyanja ili kuti. Akuti pafupi, wapansi amafika. Pafupi! Ndakhala pamenepo, mitolo ikundifika m'chiuno, nyanja ili kuseri kwa misewu ingapo.

Atamaliza kugula, mvula. Osati mvula yathu yoyamba yachenjeza kuphiri, iyi yangokhuthuka. Misewu yasanduka mitsinje. Dalaivala akuti tikapita kunyanja tsopano tikagona mumsewu, komanso katundu wapamwamba anyowa. Katundu wapambana.

Pobwerera ndadandaula za botolo la apongozi. Mayi Malunga akuti, "Mukatunge pampopi, muthiremo mchere. Miyendo siidziwa jogalafe." Botolo lenilenilo ndinalisiya pakhonde la sitolo ya mapoto. Likhale komweko. Laona mzinda kuposa ine.

Loweruka

Tsiku la konsati.

Holo yaikulu, magetsi amitundumitundu, makwaya ochokera m'mayiko angapo. Tinakonza nyimbo zinayi. Poti mwambo wayamba mochedwa, atiuza kuti tiimbe ziwiri. Abusa ena atalankhula motalika, atiuza kuti imodzi.

Ndiyenera kulemba chilungamo: taimba bwino. Popanda zing'wenyeng'wenye, ng'oma yathu yokha ija ndakhala nayo kuchokera ku Domasi. Pamene ife a mawu achiwiri timalowa patokha, holo yonse inatchera khutu. Amayi ena kumbuyo anayamba nthungululu tisanamalize. Mama Neema amapukuta misozi. Kwa kanthawi ndinaiwala miyendo, mbalame, chilichonse. A Likoswe potsika anati, "Ng'ombe zija lero zakoka bwino." Kwa iwowo ndiye kuyamikira kumeneko.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikulemba zabwino zokhazokha.

Konsati itatha, atsogoleri a makwaya aitanidwa kukadya. Kwathu apita a Likoswe ndi mayi Malunga. Enafe tabwerera kogona kukalongedza. Tili m'kati molongedza, mafoni ayamba kulira, zithunzi pa gulu lathu la kwaya. Chakudyacho chinali m'mbali mwa nyanja. Mayi Malunga ali ndi nsomba yaikulu ngati mwana, kumbuyo kwawo madzi mpaka kumwamba. A Likoswe, omwe sanabwere kudzasamba, apinda thalauzi mpaka m'maondo, ali m'madzi, akuseka mano onse pamtunda. Pansi pa chithunzi alemba kuti, "Ntchito za Mulungu n'zodabwitsa."

Ndawadikirira pageti. Atatsika galimoto ndalankhula, ine amene sindiyankha akuluakulu.

"Mayi Malunga, ine mawa basi sindikwera."

"Mwadwala?"

"Sindinadwale. Ndasiya mpunga ukudyedwa, ndagona pansi, ndalondera zitenje zanu tsiku lonse. Mukandisiye kuno. Mukawauze bambo a Tadala kuti mkazi wawo watsala akufunafuna nyanja."

"Aphunzitsi, nkhani ya madzi yomweyi mpaka misozi?"

Sindimadziwa kuti ndikulira. Esinati wabwera kudzaima pambali panga, kenako amayi ena angapo. A Likoswe ayang'ana pansi, thalauzi lawo likadali lonyowa kumiyendo. Mapeto ake agwirizana: mawa tikatuluka m'mapemphero a m'mawa, basi iyamba yalowera kunyanja, kenako ulendo.

Ndapambana. Diresi labuluu ndalisitanso.

Lamulungu

Mapemphero atalika, koma sindikudandaula. Dalaivala akung'ung'udza kuti kunyanja ndi kum'mawa pamene kwathu ndi kumadzulo, koma wakhota. Lero kulibe foleni. Mama Neema watiperekeza. Esinati wandipatsa mpando wake wa pawindo.

Ndaona nyumba zosanjikizana mpaka pamwamba pake, mothamanga. Mphepo yasintha fungo. Mitengo ya kokonati. Basi yaima, ndatsika woyamba, patapata m'manja.

Madzi kulibe.

Matope okhaokha, otuwa, mpaka kutali. Mabwato agona chammbali pamchenga ngati ng'ombe zodwala. Ndere, mabotolo apulasitiki, akhwangwala, tinkhanu tikuthawira m'mauna. Kutali kwenikweni, komwe maso akulekezera, kamzere kowala ngati lata. Mama Neema akuti ndi imeneyo, yaphwa, ibwerera masana.

Ndikudziwa. Wophunzitsa zimenezi ndine, chaka chilichonse, teremu yachiwiri: nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza tsiku lililonse. Ndimalemba pabolodi, ana amakopera, ndimachonga. Sindinaganizepo kuti ingachite zimenezo pa tsiku langa.

Ndayamba kuyenda kulunjika kamzere kaja. Matope andifika mpaka mu akakolo, ofunda, onunkha ngati mazira owola. Ndayendabe. Kamzere sikakuyandikira. Kumbuyo hutala wa basi, kenako hutala wina wautali, kenako mawu a a Likoswe: "Amayi, ku Songwe ndi kutali."

Ndaima. Ndaviika chala m'kachithaphwi, ndalawa. Ndi amcheredi. Bukulo silinaname.

Ndabwerera. Dalaivala wakana kuti ndikwere ndi matope, ndiye Mama Neema wanditsuka mapazi ndi madzi akumwa a m'botolo, anthu onse akuonerera pawindo. Wandikumbatira, akuti ndidzabwerenso. Ndamuthokoza. Tonse awiri tikudziwa kuti sizidzachitika.

Pa mpando wa pawindo paja paikidwa mtolo wa zitenje, akuti pamwamba padzaza. Ndabwerera kumbuyo kwanga, pamwamba pa tayala. Tikudutsa tauni ya Morogoro tsopano, masana, ndiye kuti kumbuyoku madzi afika.

Mayi Malunga atembenuka, akundifunsa ngati mtima wakhala pansi tsopano. Ndati eya, wakhala. Akuti chabwino, ndiye ndiwagwirizire mapoto awo atsopano pamiyendo mpaka ku Songwe, angaphwanyike.

Ndawalandira.