Mmene Ndinasandukira Papa Dainamaiti

Mukadzafika kwa apongozi anga ku Chipata n'kutchula dzina langa lenileni, adzangoyang'anana. Koma mukadzati, "Tikufuna a Dainamaiti," ngakhale mwana wa m'manja adzakulozerani nyumba. Dzina limeneli sindinalipemphe ayi, ndipo mpaka lero ndikalimva nkhope imanditentha. Linachokera pa kaseti.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinkagwira ntchito ya maakaunti pa hotela ina ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, ndikukhala m'kafulati ku Karama. Lachisanu lililonse, lomwe linali tsiku lopuma kumeneko, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkasonkhana kupemphera, ndipo ine ndinali wa kwaya (mawu anga, kunena mosadzitama, amamveka bwino kwambiri tikamaimba anthu ambiri). Kumeneko ndiye ndinakumana ndi Misozi, namwino wa ku Chipata. Tinagwirizana za banja, koma makolo ake, poti anali kutali, nkhani yonse anaisiya m'manja mwa malume ake, a Zulu, injiniya amene ankagwira ntchito pa zomangamanga za kufupi ndi doko la Creek. A Zulu akati inde, ukwati ulipo. Akati ayi, ndiye kuti ine ndi Misozi tizingopatsana moni wa patchalitchi.

A Zuluwo anali mkulu wa mpingo, munthu woti mano ake sindinawaonepo. Anali atakana kale mnyamata wina chifukwa choti ankaimba gitala m'bala la hotela. "Mwana wa mlongo wanga siningamupatse munthu wa m'mabala," anatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ine ndinkafunafuna njira yowaonetsera kuti ndine munthu wa Mulungu weniweni.

Aliyense amene anakhala ku Dubai nthawi imeneyo akukumbukira makaseti a Ngamila. Tinkawatchula choncho chifukwa pakona pake pankakhala kangamila kovala mahedifoni. M'masitolo a nyimbo a m'mamolo simukanawapeza. Malo awo anali m'magolosale, pafupi ndi polipirira, pakati pa mabatire ndi malezala, kapena pomwetsera mafuta, ndipo mtengo wake sunkasiyana ndi wa shawarma, kachakudya kotchipa ka m'mbali mwa msewu. Mwini wake wa Ngamila anali Mmwenye wa ku Kerala, dzina lake Babu, ndipo ankabwera ku hotela kwathu kudzasiya makaseti ku kantini ya antchito. Tsiku lina anandimva ndikung'ung'udza nyimbo pa mzere wa tiyi, n'kukhala nane pansi.

"Habibi, bwenzi langa, ine ndinayamba ndi mabatire ku Deira, nyumba zitalizitalizi zisanamere," anayamba kundiuza mbiri yake ndisanafunse. "Ndinaona kuti munthu womanga nyumba salowa m'sitolo ya nyimbo, amaopa magalasi aja. Koma anyezi amagula tsiku lililonse. Ndiye nyimbo ndinaziika pafupi ndi anyezi, khalas, basi."

Oimba otchuka analibe nawo ntchito. Ankatenga madalaivala, ophika, alonda, n'kuwaimbitsa m'kachipinda kuseri kwa shopu yake. Anandiuza kuti wophika wina wa ku Philippines anatuluka pa makaseti ndi mayina osiyanasiyana, kwina ngati Mmeleka, kwina ngati wa ku Spain, nyimbo zake zomwezomwezo. Anandiuza zonsezi poyera akuseka, inenso ndikuseka naye (mwaona? Munthuyo anandichenjeza yekha ndi pakamwa pake). Kenako anadandaula kuti malonda akufa chifukwa anthu ayamba kukopera ma CD pa kompyuta, ndipo chimene akusowa pa shelefu yake ndi munthu wa ku Africa.

Ine m'mutu mwanga ndinali nditadziona kale ndikugwada, ndikupereka kwa a Zulu ndi manja awiri kaseti ya nyimbo zauzimu, dzina langa lili pamwamba.

Kachipindako kanali kotentha, makoma ake atamatidwa matileyi a mazira. Ndinaimba nyimbo zanga zopeka ndekha, ndi mtima wonse, maso nditatsinzina. Imene ndinkainyadira kwambiri inkati, "Ndinali kutali, mwandiitana, ndabwera, ndilandireni." Titamaliza, Babu anati tijambule chithunzi cha pachikuto. Ndinali nditavala suti yanga yakuda ya kutchalitchi, koma iye anati yakuda situluka bwino pa makina ake, n'kundiveka jekete lonyezimira la golide. Anati kuwala kwa kamera kumafiiritsa maso, n'kundiveka magalasi akuda. "Yalla, tiye, kweza dzanja!" Ndinakweza dzanja ngati mmene timachitira potamanda.

Patapita masabata angapo ndinatsika kukagula buledi m'golosale ya pansi pa fulati yanga. Wogulitsa, amene masiku onse sankandilabadira, anangoti atandiona mano onse panja.

"Papa! Papa wabwera!"

Ndinatembenuka kuti ndione papa amene walowa. Panalibe munthu. Iye anandilozera pa shelefu, pakati pa mabatire ndi malezala, ndipo pamenepo ndinakumana nayo nkhope yanga. Jekete la golide, magalasi akuda, pamwamba atalemba zilembo zofiira: Papa Dainamaiti, Mfumu ya Usiku wa ku Kinshasa. Kumanja kwanga ndi kumanzere kwanga anali atamatapo akazi awiri ovina amene sindinakumanepo nawo chibadwire, ndipo zovala zawo onse awiri, mutaziphatikiza, sizikanakwana kusoka thumba la malaya. Dzanja langa lotamanda lija linkaoneka ngati ndikukodola wachitatu.

Buledi ndinamuiwala. Ndinathamanga kumwamba n'kuika kasetiyo m'wailesi. Abale inu! Mawu anga anali atawathamangitsa mpaka kumveka ngati ndikuthawa galu. Pansi pake anaikapo magitala a rumba, ndipo pakatikati munthu wina ankakuwa m'Chifalansa. "Ndabwera, ndilandireni" inali itasanduka nyimbo yodulira chiuno.

Ndinamuimbira foni Babu nthawi yomweyo, n'kumukalipira.

"Semu-semu, habibi!" anayankha mosangalala. "Mawu ndi ako, nyimbo ndi yako. Koma mapemphero pafupi ndi anyezi sayenda. Munthu wochoka kuntchito akufuna avine."

"Koma ine si wa ku Congo!"

"Wophika ujanso sanali wa ku Spain."

Munthu wanzeru akanapita kwa Misozi tsiku lomwelo n'kumuuza zonse. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza monga wa maakaunti: katundu aliyense amatha. Ndikagula makaseti onse, a Zulu sadzaona ngakhale imodzi. Choncho ndikaweruka kuntchito ndinkayenda golosale ndi golosale, Karama yonse, Satwa, Bur Dubai, makamaka njira imene a Zulu ankadutsa popita kuntchito. Ndinkalowa nditavala chipewa chophimba kumaso, n'kusesa shelefu yonse. Wogulitsa wina anayang'ana kaseti, n'kuyang'ana ine, n'kundipempha kuti ndimusainire imodzi (ndinasaina, ndikanatani?). Onse ndinkawapanikiza m'kabati ya pamwamba kukhitchini, mpaka chitseko chake ndinkachitseka ndi phewa.

Nditangoyamba kupuma bwino, foni inalira. Anali Babu, akuchita kubanika ndi chimwemwe.

"Mabruk, wapambana, Papa! Chiyambireni Ngamila sindinaonepo zotere! Magolosale onse akuti kaseti yako ikutha tsiku lomwelo. Ndasindikiza ena ambirimbiri, ndi zithunzi zazikulu zomata pazitseko. Gawo lachiwiri likutuluka Loweruka."

"Gawo lachiwiri? Nanga ndinaimba liti?"

"Nyimbo zomwe zija, tangoyambira kumapeto. Jekete talisintha, tsopano ndi lofiira."

Ndinakhala pansi pa simenti. Munthu yekhayo m'Dubai monse amene ankafuna nyimbo za Papa Dainamaiti ndinali ine, ndipo ndinali nditamusandutsa katswiri ndi thumba langa lomwe.

Sabata yomweyo a Zulu anatumiza mawu kudzera kwa Misozi kuti Lachisanu, tikatuluka m'mapemphero, abwera ndi anti, akazi awo, kudzaona kumene ndimakhala, kuti akapereke yankho kwa makolo. Ndinakolopa, ndinachapa makatani, Baibulo ndinaliika pa tebulo lotsegula ngati ndangolisiya kumene. Alendo anafika, anakhala, tinapemphera. A Zulu anafunsa za kwathu, za makolo anga, za ntchito, ndipo ndinayankha bwino moti Misozi anandiyang'ana mondilimbitsa mtima. Nditanyamuka kuti ndikaphike tiyi, anti anandikhazika pansi.

"Khalani, mwana wanga. Mwamuna timamuonera kukhitchini. Lekani nione neka."

Ndinamva chitseko cha kabati ya m'munsi chikutseguka. Kenako cha pakati.

"Shuga musungira kuti?"

"Anti, musatsegule ya pamwa..."

Phokoso lake linali ngati lole ikutsitsa njerwa. Makaseti anakhuthuka pamutu pa anti, m'sinki, pa chitofu, ena n'kutsetsereka mpaka pabalaza. Imodzi inadzaima pa nsapato ya a Zulu, nkhope ili m'mwamba.

A Zulu anaitola. Anavala magalasi awo owerengera. Anayang'ana kaseti, anayang'ana ine, anayang'ananso akazi awiri aja nthawi yaitali ndithu.

"Ni ndani uyu?"

"Ndine, malume."

"Na aba?"

"Sindikuwadziwa, malume. Anachita kuwamata."

Misozi anali atagwira pakamwa, misozi yeniyeni ikulengeza m'maso, ndipo ine mtima unandisweka, chifukwa ndinadziwa kuti ndamutaya ndi manja anga. Ndinagwada pakati pa makasetiwo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mzere wa tiyi mpaka pa gawo lachiwiri. A Zulu sanandidule mawu. Nditamaliza anangoti, "Ikani timve."

Magitala anayamba. Wa Chifalansa uja anakuwa. Mawu anga anatulukira akuthamanga: ndinali kutali, mwandiitana! A Zulu anamvetsera atatsinzina, nkhope ili gwa. Koma nditayang'ana pakhomo la kukhitchini ndinaona phewa la anti likukwera ndi kutsika, ndipo sanali kulira ayi. Nyimbo itatha, a Zulu anatsegula maso.

"Mawu ni a Mulungu," anatero a Zulu, "koma miyendo ni ya Satana." Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Uja wa gitala ninamukana chifukwa anali kudziwa chimene achita. Munthu wa m'mabala, akaona nkhope yake pa kaseti, amaipachika pakhoma. Imwe mwaibisa pamodzi na shuga. Sindimwe oipa. Ndimwe opusa chabe."

"Zikomo, malume," ndinayankha, ndipo ndinathokoza zenizeni.

"Manje kupusa sikuletsa ukwati."

"Kukanakhala koletsa, ine nikanakhala mbeta mpaka lero," anatero anti ali kukhitchini konko.

Tsiku limenelo ndi limene ndinaona mano a a Zulu koyamba. Misozi anaseka akulira, kenako anandiuza pambali kuti nkhani yomubisira ija tikambirana patokha (tinakambiranadi, ndipo iyo sinali yoseketsa). Koma malume asananyamuke anaika lamulo limodzi: katundu wogula ndi thukuta satayidwa. Makaseti onse apite ku Chipata, akagawidwe kwa obwera ku ukwati.

Anagawidwadi. Azakhali, asuweni, abusa, aliyense anapita kwawo ndi nkhope yanga. Ine ndi Misozi tinalowa m'holo tikuvina "Ndabwera, ndilandireni," wa Chifalansa uja akukuwa, apongozi anga aakazi akululutira. Chichokereni tsiku limenelo ana anga kumeneko amatchedwa ana a Dainamaiti, ndipo wamkuluyo mpaka atayamba sukulu ankaganiza kuti ndi mfunda wathu.

Ngamila inadzatsekedwa patapita zaka zochepa, makaseti atatha ntchito. Babu, akulongedza zobwerera kwawo, anabwera ku hotela kudzatsanzika, atanyamula kaphukusi. Anati pa oimba ake onse palibe amene anagulitsa ngati ine, ndipo sindinalimbe mtima kumuuza chifukwa chake. M'kaphukusimo munali jekete la golide lija.

Ndinaphunzirapo zambiri, ndipo achinyamata a kwaya ndimawalangiza kawirikawiri kuti asamavale chilichonse chimene munthu wa kamera wawapatsa. Jeketelo Misozi akudziwa kuti ndinalitaya kalekale. Lili pansi pa sutikesi, ndipo mwezi watha, iye ali kuntchito, ndinaliyesa pagalasi ndi magalasi akuda omwe. Likundikhalabe bwino.