Mpeni wanga unabereka pakhosi pa mbuzi

Mpaka lero, apongozi anga akafuna kupha mbuzi amayamba afunsa ngati ndachokapo. Sindiwaimba mlandu.

Nkhondo itatha tinabwerera ku Zóbuè, pamalire ndi Malawi, ine n'kukakhala chikamwini kwa makolo a mkazi wanga, Rozita. Ndinkadziona ngati mmisiri. Kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi ndinkaonerera mkulu wina wosula akusanjikiza tizitsulo, kutitentha mpaka kuyera, n'kutimenya mpaka tigwirane kukhala mpeni umodzi wa mizere ngati madzi oyenda. (Ndinkaonerera ndikudya nzimbe. Nyundo sindinaigwirepo.)

Tsiku lina, Natale (Khrisimasi) itayandikira, pakamwa panandiyabwa.

"Bambo, mbuzi ya Natale mudzaiphera mpeni wanga."

"Akamwini, kani mumasula?"

"Pang'ono," ndinayankha modzichepetsa, ngati munthu wobisa zambiri.

Ndinakwera chapa, minibasi ya ku Moatize, ndinakagula mola, sipuling'i yakale ya lole, sowo yothyoka ndi thumba la malasha. Makala ndinawanyoza. Ndinkati choyendetsa sitima sichingalephere mpeni. Nditayatsa chipala, malasha aja anatulutsa chiutsi chachikasu chonunkha mazira owola, moti nkhuku zinasamuka pakhomo.

Ulendo woyamba zitsulo zinapsa, zinathetheka n'kutsala kachibulumwa. Wachiwiri zinagwirana bwino zedi, koma pamodzi ndi mbaniro yanga. Kenako ndinatulutsa chinthu chooneka ngati mpeni. M'mbali munali timing'alu, ine ndinapakamo mafuta n'kudziuza kuti ndiyo mizere ija. (Ndinadzamva mochedwa kuti mkulu uja ankawaza mchenga pazitsulo kuti zigwirane. Ine ndinkayesa ndi mankhwala a makolo ake.)

Natale itafika abale anadzaza bwalo. Alamu anga anaigoneka mbuzi n'kuigwira miyendo. Apongozi anavula chipewa, anapemphera, n'kukanikiza mpeni wanga pakhosi.

Tinangomva kuti "khwe!" Mpeni unayasama n'kukhala itatu, ngati nthochi yosenda. Magazi sanatuluke ndi dontho lomwe, mbuzi inangometedwa ndevu. Alamu anagwa ndi phwete, anataya miyendo, iyo n'kudzambatuka kulunjika kumalire. Tinaithamangira titavala zovala za kutchalitchi, koma inaoloka popanda wofunsa mapepala. Tsiku limenelo alendo anadya nyemba.

Apongozi anatola zidutswa zija, anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini, mwatilemekeza. Timayembekeza mpeni umodzi, inu mwatipatsa itatu. Chaka chamawa mudzatisulire mbuzi."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Rozita sanaseke konse. Anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Mukadzagwiranso nyundo, mudzanyamule mphasa yanu muzipita kwanu."

Ndinalumbira ndi mtima wonse, ndipo kuti asakayike ndinamuuza kuti nyundo ndaitaya m'chimbudzi. Zoona zake n'zakuti chaka chilichonse ndimaikwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Chaka chino chimangacho chatsala pang'ono kutha.