Kilachi ya Fodya wa Bale

Sekani, inu oyendetsa tigalimoto tosintha tokha magiya, inu a mwendo wakumanzere wogona tulo! Amene akuti ndimanama aimirire ndimuone nkhope. Pikapu yanga ija inayenda mpaka manambala a pa mita anatopa n'kuyamba kuwerenga chobwerera, koma giya sinakukutepo mano, chifukwa ndinkailowetsa ndi zala ziwiri ngati ndikutola mtedza, ndipo phazi silinkagona pa kilachi ngati mmene mumachitira inu.

Chaka china cha makuponi, mudzi wathu wonse ku Wimbe unandituma kukatenga feteleza wa sabuside ku Mtunthama. Anthu anafola pamzere masiku atatu kuti apeze matumba amenewo. Akananyowa, inali njala khomo lililonse, ine n'kusamuka m'mudzi. Ndinawasanja pa pikapu mulu wautali mpaka akhwangwala ankapatuka. Ndikufika padambo, mtambo wakuda uli kumsana, kilachi inapsa. Fungo lokhalokha, injini ikulira, matayala ali duu. Mukumva?

Makaniko wa masiku ano akanatulutsa foni n'kuyamba kuitana amayi ake. Ine ndinalowa kunsi, n'kumasula mabawuti ndi mano poti sipanala ndinaiiwala kunyumba, n'kukhazika giyabokosi pabondo limodzi, mkono n'kuutambasula mpaka m'chigafa cha matenanti a pa esiteti ya kutsidya, n'kusolola fodya wa bale wokanidwa ku okushoni chaka chapitacho, n'kumupanikiza ndi jeke mpaka analimba ngati mphero, n'kumusema mozungulira ndi chikwanje, n'kumulowetsa m'malo mwa mbale ya kilachi yopsa ija, mvula ili chiimire m'mwamba kuonerera ntchito. Ndikulumbira, anditsamwe malovuwa!

Nditaponda n'kulowetsa giya yoyamba, panatuluka utsi wa fodya woti mtambo uja unatsokomola kawiri, n'kutembenuka, n'kukakhuthukira ku Simlemba, komwe mpaka lero amandida. Matumba anafika onse, ouma gwa, ndipo chimanga cha chaka chimenecho tinkathyola titakwera makwerero.

Tsono ndimamva kuti ena, anthu ansanje osadziwa ndi pomwe pamathiridwa oilo, amanena kuti anaona ng'ombe ziwiri za matenanti aja kutsogolo kwa pikapu kuyambira padambo mpaka m'mudzi. Zinalipo, sindikana. Zinkangondiperekeza. Chingwe chija ndinazimangira kuti zisasochere.