Moni wa a Uchizi pa Webina

Aliyense wa ku Leicester kuno akudziwa kuti malemu a Uchizi Nyirongo sankatha kudutsa munthu osamupatsa moni. Sindikunena moni wa kuno wongokweza nsidze ayi. Ndikunena moni woyambira pa inu, kupita kwa ana, mpaka kukafika pa bondo la agogo anu kumudzi. Ena amati tsiku lina anapatsa moni makina ogulitsa matikiti, n'kuima kudikira yankho. Ine sindinaone, koma amene anandiuzayo sanama tsiku lililonse.

A Uchizi anali loya wa milandu ya m'zipatala. Adokotala akakuchitani opaleshoni musanavomere, kapena akakutulutsani musanachire, mumathamangira ku ofesi yawo ku Oadby. Koma bungwe loyang'anira ntchito yawo linkafuna kuti chaka chilichonse azichita maphunziro owonjezera n'kupeza mapointi, aja amati CPD. Mapointi akapanda kukwana, laisensi yapita. Apa m'pamene moni unkawapweteketsa akuluwa.

Maphunziro ambiri amachitikira pa kompyuta, amati webina. Anthu amalowa mwakachetechete, kumvera, n'kutuluka ngati akuba. A Uchizi ankalowa atamanga taye, n'kutsegula maiki.

"Ndaona dzina la a Helen apa. Mwadzuka bwanji a Helen? Nanga kunyumba?"

A Helen anali mphunzitsi wa webinayo, ndipo ankangowamyuta, kuwatsekera maiki. A Uchizi ankayesa kompyuta yadwala, n'kutsegulanso maiki.

"Pepani, ndinaduka. Tinali pa ana."

Kachitatu ankawatulutsa, ndipo wotulutsidwa salandira pointi.

Shabana, loya mnzawo wa mu ofesi, wobadwira ku Limbe, anafika potopa nazo.

"Amalume, anthu awa safuna moni. Akufuna ola lithe basi."

"Ndiye ndimvere bwanji munthu amene sindikudziwa ngati wagona bwino?"

"Mungokhala chete!"

"Chete ngati ndabwera kudzalodza? Mwana wanga, Limbe inakulera molakwika."

Shabana anaganiza zowatumiza ku maphunziro a maso ndi maso, ku hotela ina ku Nottingham. Kumeneko kulibe batani lomyutira munthu. A Uchizi atangotsika m'galimoto anamva bambo wina akulankhula Chinyanja pa foni. Moni unayambira pomwepo, unakwera masitepe, unalowa m'chipinda, n'kukhala pampando. Madzulo anabwerako akumwetulira, satifiketi ili m'manja.

Shabana anaiwerenga, n'kugwira mutu.

"Amalume, iyi ndi ya anthu okonza mapaipi a gasi!"

"N'chifukwa chake sanatchule wodwala tsiku lonse. Koma ndi anthu abwino. Bambo ndinalowa naye uja mkazi wake ndi wa ku Chipata."

Chaka chilichonse mapointi ankakwana movutikira, pa mphindi yothera, Shabana atawabisira maiki m'kabati. Tonse tinkapuma, chifukwa popanda laisensi ya a Uchizi, ambiri a ife tikanamangosainira zilizonse m'chipatala, kuopa kuoneka osaphunzira.

Chaka chathachi mtima unawavuta, ndipo anawagoneka m'chipatala mapointi asanakwane, mwezi wotsekera uli kumapeto. Akazi awo, a Keturah, anawauza kuti aziiwale.

"Bambo a Dylan, mtima ukukana, inu mukuganiza za mapointi?"

"Mayi, ndinachoka ku Rumphi kudzakhala loya. Mukufuna pamaliro anga abusa adzanene kuti 'malemuwa anali loya kale'? Kale? Ngati nduna yochotsedwa?"

Panatsala webina imodzi yokha, ya a Helen omwe aja. Akawatulutsa pamenepo, basi zatha. Shabana anabweretsa kompyuta pabedi. A Keturah anakhala pambali, atawagwira dzanja lamanja, lomwe linkakonda batani lotsegulira maiki.

"Mukangotsegula pakamwa, ndikukokerani bulangeti kumutu," anatero a Keturah.

Anthu inu, munthu anavutika. Mayina ankatuluka pa kompyuta, a Uchizi n'kumadziluma milomo, thukuta lili kamukamu. Namwino wina amene anazolowera kufunsidwa za amayi ake m'mawa uliwonse anadutsa, osamva kanthu. Anabwerera akuthamanga kudzawagwira pamkono, kuyesa zinthu zavuta.

Phunziro litafika pakati, a Helen anasiya kulankhula. Anali ataona dzina lija, ndi mutu uli pa pilo wa chipatala, ndi pakamwa potseka.

"A Nyirongo, mulipo? Simunatifunse kanthu lero. Muli bwanji?"

A Uchizi anatembenukira kwa akazi awo, n'kunong'ona.

"Ndiyankhe? Kapena ndi msampha?"

A Keturah anawatsegulira okha maiki. Mawu anatuluka ochepa, a munthu wotopa.

"Ndilipo pang'ono, a Helen. Kaya inu? Nanga ana?"

Ndipo a Helen anayankha! Tinadziwa tsiku limenelo kuti ali ndi ana awiri ndi galu wodwala shuga. Maloya ena anayamba kutsegula maiki awo, wina ku Derby, wina ku Lincoln, aliyense ndi moni wake wosazolowera, wokhotakhota. Phunziro linatha mochedwa. Palibe amene anatulutsidwa. Pointi inalowa.

A Uchizi anamwalira patapita masabata ochepa. Pamaliro abusa anati, "Tataya loya," ndipo a Keturah anagwedeza mutu mwamphamvu, kuti aliyense aone kuti liwu lija loti 'kale' silinatchulidwe.

Loweruka lapitali ndinakumana ndi a Keturah pa Belgrave Road, atanyamula kathumba ka zogula. Anandiuza kuti kale msewu umenewu ankauyenda ndi bambo kuyambira m'mawa mpaka masitolo kutseka, chifukwa khomo lililonse linali ndi wina wofunika kufunsidwa. Tsopano amagula zonse, n'kukwera basi, n'kukafika kunyumba tiyi wa m'mawa asanazizire.

"Tsiku lonse limanditsalira m'manja," anatero. "Sindidziwa kuti ndilitani."

Tinaima pamenepo kanthawi, anthu akutipitirira mbali zonse. Kenako ndinawafunsa za ana, ndi za kumudzi, mmodzimmodzi, mpaka basi yawo inatidutsa.